Tauni ya mphindi 15: tiyeni tiyeze Mangochi ndi mapazi athu

Chaka chatha ife kwathu tinasamuka. Tinachoka m'nyumba ya lendi kufupi ndi msika waukulu wa pa boma n'kukalowa m'nyumba yathuyathu, kumapoloti atsopano kunja kwa tauni. Achimwene anga amene ali ku Joni ndi amene ankatumiza ndalama pang'onopang'ono mpaka malata anakwera. Tsiku lolowa tinaphika mpunga ndi chambo, zithunzi n'kuziponya pa Facebook, malaiki mbwee. Zoperekanso lendi zinathera pompo.

Patangotha miyezi iwiri, mwana wa achemwali anga anatentha thupi usiku, cha m'ma 11 koloko. Kumene tinkakhala kale kuja ikanakhala nkhani yaing'ono: kumubereka, kuyenda pang'ono, mwafika pachipatala. Kuno ndinaimbira akabaza atatu. Awiri mafoni anali otseka, wachitatu anati, "Achimwene, kumeneko usiku sindifikako, mchenga komanso mdima." Tinamubereka mwanayo mosinthana ndi achemwali, tikuunikira ndi tochi ya pafoni, ndipo tinakafika pamseu wa phula patatha mphindi zoposa 40. Anali malungo, ndipo mwanayo anachira. Koma m'mawa mwake amayi, ali pakhonde, anangoti, "Ana inu, nyumba tamanga, koma mudzi tinausiya."

Mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi. Amayi sanaphunzire za mapulani a matauni, koma anatchula vuto lomwelo limene akatswiri a mapulani akulimbana nalo m'maiko ambiri.

Kodi tauni ya mphindi 15 n'chiyani?

Ganizo lake ndi losavuta. Zinthu zimene munthu amafuna tsiku ndi tsiku zizipezeka pamtunda woti akhoza kuyenda wapansi, kapena kupalasa njinga, osapitirira mphindi 15 kuchokera pakhomo pake. Amene anatchukitsa dzinali ndi Carlos Moreno, mphunzitsi wa payunivesite ku Paris yemwe anabadwira ku Colombia. Iye anayamba kulikamba mu 2016, ndipo mu 2020 meya wa mzindawo, Anne Hidalgo, analiika pa mfundo zake za kampeni. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, iwo amati mphindi 20. Komatu si zachilendo kwenikweni. Kale m'zaka za m'ma 1920, Clarence Perry wa ku America ankanena kuti dera lililonse lokhala anthu lizimangidwa mozungulira sukulu ya pulayimale, kuti mwana azifika kusukulu osaoloka mseu waukulu.

Tiwerengere limodzi. Munthu wamkulu wabwinobwino amayenda pafupifupi makilomita 5 pa ola. Ndiye kuti pa mphindi 15 amayenda kilomita imodzi ndi kachidutswa. Koma mayi woyembekezera, agogo, kapena mwana wa sitandade 1 sangafike pamenepo, makamaka mumchenga wathu uno dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Choncho kwa ife tingoti kilomita imodzi basi.

Ku Paris amawerenga zawo. Ife kuno tiwerenge zathu: madzi, kaya ndi pampopi, pakiyosiki kapena pamjigo; kamsika kogula ndiwo, tomato ndi makala; chigayo; sukulu ya pulayimale; sikelo ya ana ndi chipatala chaching'ono; mzikiti kapena tchalitchi; ajenti wa Airtel Money kapena Mpamba; bwalo loti ana azisewerapo; ndi siteji yokwerera minibasi. Kwa anzathu a m'mbali mwa nyanja tionjezerepo doko. Zinthu zimenezi zikakhala mkati mwa kilomita imodzi, dera lanu lakhoza mayeso.

Ifetu tinali nazo kale

Chondiseketsa n'chakuti zimene azungu akuzithamangira lero, ife tinabadwiramo. Tayang'anani pakati pa tauni yathu. Malo ano anayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, nthawi imene kunalibe galimoto ndi imodzi yomwe, ulendo unali wapansi kapena wa pamadzi mu Shire. N'chifukwa chake zinthu zinaunjikana malo amodzi. Mukaima pa chipilala cha wotchi chija pafupi ndi mlatho, maofesi a boma, chipatala chachikulu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, msika ndi masitolo, zonse mukhoza kuzizungulira wapansi m'mawa umodzi.

Midzi ya asodzi nayonso ndi chimodzimodzi. Pitani ku Chembe ku Cape Maclear mukaone. Nyumba zili phathiphathi, tinjira tikudutsa pakati pa mipanda ya udzu kutsikira kunyanja, usipa uli pathandala pomwepo, wogulitsa mandasi ali pomwepo. Palibe katswiri amene anajambula zimenezo papepala. Anthu anamanga moganizira mapazi awo chifukwa analibe china chokwera.

Tsono yerekezani ndi Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975. Mzinda umenewu anaujambula ndi maeriya otalikirana, pakati pali tchire ndi misewu italiitali, ngati kuti aliyense adzakhala ndi galimoto. Aliyense amene anakhalako kwa achibale akudziwa mmene ndalama ya thiransipoti imathera kumeneko. Mantha anga ndi akuti Mangochi tikumutengera komweko, koma ife popanda n'pulani yomwe.

Ndipo musanamizidwe ndi magalimoto amene amadutsa pa wikendi kupita kumaloji. Kaimeni pa mlatho wa Bakili Muluzi cha m'ma 6 koloko m'mawa, muwerenge amene akuoloka kuchokera ku M'baluku kulowa m'tauni. Oyenda pansi ndi apanjinga ndi amene amadzaza mlathowo: amayi osenza mabeseni a nsomba, ana asukulu, anyamata okankha njinga za makala. Tauni ino eni ake ndi amenewo.

Zikusokonekera pati?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'tauni ya Mangochi muli anthu oposa 53,000, ndipo boma lonse lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Kuchokera nthawi imeneyo anthu angochulukirabe, ndipo aliyense akufuna pokhala. Kukula si vuto. Vuto ndi kakulidwe kake, ndipo ine ndikuona zinthu zitatu.

Choyamba, tauni ikukula ngati chingwe. Aliyense akufuna poloti ya m'mbali mwa phula, kaya ndi mseu wa M3 wochokera ku Liwonde kapena wa M10 wopita ku Monkey Bay. Kuchoka pa boma kudutsa ku Mpondasi mpaka ku Namiasi ndi ku Makawa, mashopu angondanda m'mbali mwa mseu. Mudzi wozungulira umakhala ndi pakati pake, pamene aliyense amafikapo mosavuta. Chingwe chilibe pakati. Chigayo chili uko, sukulu ili uko, ndipo njira yokhayo yolumikiza zonsezi ndi mseu womwewo umene mukuthamanga malole ndi maminibasi.

Chachiwiri, mapoloti akugulitsidwa osasiyako malo a zinthu za tonse. Kwathu kuno munda umene unali wa chimanga anaudula mapoloti kuyambira kumpoto mpaka kummwera. Wogulitsa amaona ndalama pa kachidutswa kalikonse, wogula amaona nyumba yake yokha. Palibe amene amafunsa kuti, nanga sukulu idzakhala pati? Msika? Mjigo? Manda? Pofika nthawi imene nyumba zakwana 300 ndipo ana achuluka, malo atha. Kuti boma lidzamange sukulu pamenepo, lidzayenera kugula nyumba za anthu n'kuzigwetsa, zimene sizichitika wambawamba. Ana a kumeneko adzakhala akuyenda mtunda wautali mpaka adzakule, ana awonso chimodzimodzi. Akuluakulu anati mmera m'poyamba.

Chachitatu, mipanda. Ichi ndiye chimandipweteka kwambiri. Titangofika, panali kanjira kachidule kopita kumjigo, mphindi zisanu basi. Munthu wina anagula mapoloti awiri ogundizana n'kumanga mpanda wa njerwa kuzungulira onse, kanjira kaja n'kulowa mkati. Lero achemwali amazungulira pafupifupi mphindi 20 ndi ndowa pamutu, kangapo patsiku. Mjigo sunasunthe, nyumba yathu sinasunthe, koma mtunda wakula kanayi. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti kuyandikira sikuyezedwa ndi maso ayi, koma ndi njira imene mapazi akudutsa.

Kunyanja nkhani yake ndi yomweyi. Pali malo m'mbali mwa gombe pamene mipanda ya maloji ndi nyumba zopumuliramo yagundizana mtunda wautali, moti munthu wobadwira pamudzi pomwepo amaiona nyanja koma kuti akachape kapena akafike pabwato lake ayenera kuzungulira. Sindikudana ndi zokopa alendo, abale athu ambiri akudya momwemo. Koma pakati pa mpanda ndi mpanda pakhoza kutsala mpata wa mamita awiri kapena atatu, alendo osathawa ayi.

Kufupi kokha sikukwana

Tinene kuti sukulu ili pafupi. Kodi njira yake ndi yoyendeka? Kuno kwathu njira yabwino imafuna zinthu zinayi.

Mthunzi. Mangochi ndi kotentha, tonse tikudziwa. Kilomita imodzi pansi pa mitengo ya mango kapena ya nimu ndi yaifupi kusiyana ndi theka lake padzuwa. Koma chinthu choyamba chimene timachita tikagula poloti ndi kugwetsa mitengo yonse, ina n'kuotchera njerwa. Mtengo wa m'mbali mwa njira ndi chitukuko ngati mmene ulili mlatho, kungoti suoneka pa chithunzi cha mwambo wodula riboni.

Chitetezo pamseu. Malo ambiri m'mbali mwa phula mulibe poyenda anthu apansi, ndipo pamene pali kampata, pali mabenchi a malonda kapena galimoto yaimikidwapo. Mwana wasukulu amakakamizika kulowa mumseu, kumene akulimbirana ndi njinga zamoto. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti pamalo pamene anthu apansi akusakanikirana ndi magalimoto, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola, chifukwa munthu wogundidwa pa liwiro lotsika chotero kawirikawiri amapulumuka. Chikwangwani chokha madalaivala sachimva. Chimene amamva ndi mahampu, ndi malo oolokera okwezedwa pafupi ndi sukulu ndi misika.

Ngalande. Njira imene imasanduka dziwe kuyambira Januwale mpaka Malichi si njira. Tinaona mmene zinalili ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndiponso mu 2024 pamene madzi a m'nyanja anakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'maloji a m'mbali mwa gombe. Madzi ali ndi njira zawo, ndipo ukamanga panjira yawo amadzatenga yako. Malo otsika amenewo ndi abwino kukhala mabwalo a mpira ndi madimba, osati mapoloti.

Kuwala. Funsani mtsikana aliyense kuti ndi njira ziti zimene sadutsa ikakwana 6 koloko madzulo, akuuzani bwinobwino. Njira yapakati pa mipanda iwiri italiitali, yopanda zenera loyang'anako, imaopsa ngakhale masana. Njira imene ili ndi kaokala, telala pakhonde, amayi ogulitsa zitumbuwa, imakhala ndi maso. N'chifukwa chake kusakaniza nyumba ndi timabizinesi ting'onoting'ono ndi chinthu chabwino, osati chisokonezo. Kuikapo magetsi a sola pamphambano kungathandizenso kwambiri.

Nkhaniyi ndi ya m'thumba

Mwina wina akuti, "Aaa, aise, si pali kabaza?" Chabwino, tiwerengere. Tingoyerekeza kuti ulendo umodzi ndi K1,000, kupita ndi kubwera K2,000. Masiku 26 pamwezi ndi K52,000, munthu mmodzi yekha. Ikani mtengo weniweni wa kwanuko muone. Ife tinkasangalala kuti tasiya kulipira lendi, osadziwa kuti lendiyo tizilipirabe, kungoti tsopano tikulipira pamseu.

Ndipo mtengo umenewo suli m'manja mwathu. Mafuta timagula kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zokwera inakwera nayo. Mafuta akasowa, mizere ili pamafilingi siteshoni, njinga yamoto imakwera mtengo tsiku lomwelo. Amene msika uli pafupi amangoyenda. Amene ali kutali amasankha pakati pa thiransipoti ndi ndiwo.

Palinso mtengo wina umene suoneka. Sikelo ikakhala kutali, mayi amadumphitsa mwezi. Madzi abwino akakhala kutali, anthu amatunga apafupi, kaya ndi a mumtsinje kapena a m'nyanja, ndipo tonse tikukumbukira mmene kolera anatisautsira m'boma lino mu 2022 ndi 2023. Sukulu ikakhala kutali, mwana wa zaka 6 amauzidwa kuti adikire akuleko kaye.

"Ndiye mukufuna tisagule magalimoto?"

Ayi ndithu. Inenso ndikulota yanga. Nkhani si yoletsa galimoto, kapena kutsekera anthu m'madera mwawo monga ena amanamizira pa intaneti. Nkhani ndi yakuti munthu asakakamizike kukwera chinthu kuti akagule mchere. Ndipo si zonse zingakhale pafupi. Chipatala chachikulu cha boma ndi chimodzi, sitingachigawe m'madera monse. Koma sikelo, malo oyezera malungo ndi kolandirira mankhwala zikhoza kufika kufupi ndi anthu.

Anzanga akabaza nawonso asade nkhawa. Maulendo ataliatali ndi katundu wolemera sizidzatha. Ndipo dera lokhala ndi njira zolongosoka ndi lomwe kabaza amafikako ngakhale usiku, osati zija zinatichitikira ife.

Ndani ali ndi mphamvu?

Malamulo alipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano okhudza malo, kuphatikizapo la mapulani a kamangidwe ndi la malo a makolo. Khonsolo ili ndi udindo woona kuti chitukuko chikutsata pulani, ndipo khansala amene tinamuvotera ndiye pakamwa pathu kumeneko. Kumbali ina, malo ambiri ozungulira tauni ali m'manja mwa mabanja ndi mafumu, ndipo kugulitsana kumachitikira pansi pa mtengo, papepala la m'kope. Ngati amfumu ndi eni minda sagwirizana zosiya njira ndi malo a sukulu, pulani ya muofesi imangokhala pepala.

Chinanso choti tidziwe: pansi pa masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, boma linasankha madera asanu ndi atatu oti adzakule kukhala mizinda, ndipo dera la Mangochi ndi Monkey Bay lili m'gulumo, pamodzi ndi Liwonde. Tanthauzo lake n'lakuti kutsogoloku kuno kubwera anthu ambiri ndi zomangamanga zambiri. Amene tidzakhale mu mzinda umenewo ndi ife a zaka za m'ma 20 lero. Tikakhala chete, ena adzatijambulira mzinda wooneka bwino kwa munthu wodutsa pagalimoto.

Yesani izi sabata ino

Foni muli nayo. Tchani sitopuwotchi, muchoke pakhomo panu wapansi, muyende mmene amayendera amayi anu, osati mothamanga. Lembani mphindi zimene mwatenga kukafika pamadzi, pamsika, pachigayo, pasukulu ya pulayimale, pasikelo ndi pasiteji. Lembaninso pamene njira yatsekedwa, pamene pamadikha madzi, ndi pamene pamaopsa usiku. Jambulani zithunzi za malowo, osati nkhope za anthu. Mukakhala anthu khumi a dera limodzi, muli ndi umboni woti mukhoza kupita nawo kwa khansala, kwa amfumu kapena kukomiti ya chitukuko ya m'dera lanu. Kudandaula pa gulupu ya WhatsApp kumathera pa gulupu pomwepo, koma pepala lokhala ndi manambala ndi lovuta kulikana.

Ngati kwanu mukufuna kugula poloti, musangofunsa mtengo ndi kukula kwake. Funsani kuti mseu udutsa pati ndipo ndi waukulu bwanji, madzi ali kuti, sukulu yapafupi ndi iti, ndipo nthawi ya mvula pamakhala bwanji. Pitaniko wapansi masana, mudzapitekonso madzulo. Ndipo mukamadzamanga mpanda, siyani kanjira kamene munakapeza.

Ine ndinayesa kwathu. Kumjigo mphindi 20, pamsika 35, kusukulu 40, kusikelo pafupifupi ola lathunthu. Chimene chinakhoza mayeso ndi ajenti wa ndalama za pafoni yekha basi.

Pakati pa mapoloti athu patsala malo amodzi opanda nyumba, pamene pali mlambe ndi migwalangwa iwiri, pomwe ana amamenyerapo mpira wachikulunga madzulo. Mwezi wathawu tinaona anthu akuyeza ndi chingwe. Ine ndi anzanga asanu ndi mmodzi tinapita kwa amfumu ndi mapepala athu a mphindi aja, kukapempha kuti malowo asadulidwe, adikire sukulu kapena kamsika. Anatilandira bwino, koma anatiuza zoona: malowo ali ndi eni ake, ndipo eni akewo akufuna ndalama ya fizi ya ana awo. Sangangowauza kuti asiye. Anati aitanitsa msonkhano wa mudzi wonse Loweruka likubwerali, ndipo khansala wauzidwa, kuti tione ngati khonsolo kapena ife eni dera tingapeze njira yowalipira.

Kaya zikatha bwanji, ife tikakhalapo. Amayi anena kale kuti akhala kutsogolo, ndipo mpando wawo ndinyamula ndine. Ngati kwanu kulinso malo otsala ngati amenewa, pitani mukafunse lero kuti ndi a ndani, chingwe chisanafike.